Mzere Woongoka m'Mawu a Apongozi Anga

1

Dzina langa ndine Kondanani. Ndikulemba izi ndili ndekha m'nyumba ya ku Block 10, mu Gaborone muno, momwe miyezi iwiri yapitayo munali mkazi ndi khanda. Amalawi anzanga a kumpingo akumanong'onezana kuti mwina ndinagwidwa ndi mkazi wa Chitswana. Zikanakhala zimenezo, bwenzi ankhoswe atazitha kalekale. Mlandu wanga ndi wina. Ndinanamiza mkazi wanga kwa miyezi isanu, ndipo chida chomwe ndinamunamizira ndi chomwe ndinamupangira ndekha chifukwa chomukonda.

Mkazi wangayo, Charlotte, anasiya kumva zaka zitatu zapitazo. Anadwala chifuwa chachikulu chija chosamva mankhwala, ndipo majakisoni omwe anamupulumutsa ndi omwewo anamutseka makutu. Uphunzitsi wa ku pulayimale anausiya. Kuwerenga milomo ya munthu anaphunzira msanga, kuyankhula ankayankhulabe, koma mawu ake sankawamva. Pena ankafuula ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje, pena ankanong'ona mpaka uchite kumuyandikira.

Tsiku lina tili m'kombi yopita ku Tlokweng, anandifunsa za mankhwala ake mokweza kwambiri. Anthu onse anatembenuka, mayi wina n'kuphulika kuseka. Titafika kunyumba anandilembera pa kapepala kuti: "Kuyambira lero, pagulu sindidzayankhulanso."

Kapepalako kanandisowetsa mtendere. Ine ndimaphunzitsa za makompyuta pa koleji ina yaing'ono kuno, ndipo luso langa lenileni ndi kupanga masamba a pa intaneti basi. Koma ndinati ngati makutu akana, mawuwo aziwaona ndi maso.

2

Ndinatenga zida zomwe ndimazidziwazo, HTML ndi JavaScript, n'kuzikulunga kuti zikhale pulogalamu yoima payokha pa laputopu, yotseguka ngakhale palibe intaneti. Maikolofoni itole mawu, pulogalamu iwajambule pa sikirini. Kumtunda kuziyenda mzere wosonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu, kumunsi kuzituluka mitundu, mawu a besi pansi, mawu oonda pamwamba.

Kunena n'kosavuta, koma kupanga kwake ndinaziona. Sabata zoyamba chithunzi chinkabwera mochedwa, munthu wamaliza kale kunena "moni" icho ndiye chikuyamba kugwedera. Laputopu inkatentha ngati ayironi. Loweruka lililonse ndinkakhala pa tebulo kuyambira m'mawa, kunja amisiri omanga nyumba ya neba ali gogogo, phokoso la makina awo a simenti likudzaza sikirini yonse ndi zofiira. Kenako ndinazindikira uchitsiru wanga. Ndinkailamula pulogalamuyo kujambulanso chithunzi chonse kamphindi kalikonse, m'malo mongowonjezera kachidutswa katsopano kumapeto. Nditakonza pamenepo, chithunzi chinayamba kuyendera limodzi ndi pakamwa.

Ndinamukoka Charlotte kuchoka kukhitchini, manja ake ali thovu lokhalokha.

"Tanena kanthu," ndinatero nditamuyang'ana kuti aone milomo.

"Ndinene chiyani?"

Mzere unalumpha mpaka kumtunda kwa sikirini. Anadzidzimuka n'kugwira pakamwa.

"Ndine ameneyo?"

"Ndiwe amene. Ukapyola kamzere kobiriwirako, wafuula. Ukatsikitsa kwambiri, anthu sakukumva."

Anakhala pansi, napukuta manja pa chitenje. Anatchula dzina langa pang'onopang'ono, ndipo linatuluka ngati timapiri tinayi. Anatchulanso, timapiri tija n'kukhala pansi pa kamzere kobiriwira. Kenako anaseka, kuseka komwe ndinali ndisanakumve kwa chaka chathunthu, ndipo ataona kuti kusekako nakonso kwajambulika anasekanso. Ine misozi inali italengeza, sindibisa.

Pulogalamuyo anaitcha Kalilole, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasanduka bwana wanga. Mabatani achepa, akulitseni. Mtundu wachikasu ukundipweteka m'maso, usintheni. Ndikufuna mawindo awiri oyandikana kuti ndiziyerekeza mawu anga a lero ndi a pa vidiyo ya ukwati wathu. Ndikufunanso kuti mauthenga a mawu a pa WhatsApp azilowa m'menemu.

Pempho lomalizali linali la mayi ake. Apongozi anga, a Nangozo, ankakhala kumudzi kufupi ndi Kasinje ku Ntcheu, ndipo kulemba sanaphunzire. Charlotte ndi mwana wawo yekhayo. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankabwereka foni ya alongo awo, malume a Lucius, n'kutumiza uthenga wa mawu pa foni yanga. Ine ndinkamvera, n'kulemba mawu onse pa pepala, kenako n'kuika uthengawo mu Kalilole. Charlotte ankasanjika dzanja pa sipika kuti amve kunjenjemera, maso ali pa sikirini.

"Apa akuti 'Charlotte mwanangaaa', eti? Taonani mchira wakewo, wakwera kenako wagwa."

Sankaphonya. Ine amene ndinapanga chinthucho ndinkangoona mitundu, iye ankaona mayi ake. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma mkazi wanga analibe kuchitira mwina. Makutu ake ndinali ine.

3

Chaka chatha Charlotte anaima. Inali mimba yachitatu, ziwiri zoyamba zinapita padera. Pofika mwezi wa Juni inali ya miyezi isanu ndi umodzi, BP yake ikukwera tsiku ndi tsiku, ndipo dokotala anandiitanira pambali n'kundichenjeza kuti mkazi wanga asadzidzimutsidwe ndi chilichonse.

Lachinayi lina masana, ndili pakati pophunzitsa, foni inalira. Anali malume a Lucius. Ndinatuluka panja.

"Akamwini, khalani pansi. Alongo anga atisiya m'mawa uno."

Ndinatsamira khoma.

"Koma tamverani," anapitiriza. "Mwanayo ndi wapakati. Kuno tagwirizana kuti asamve kufikira atachira. Abale onse tawauza, za pa Facebook tawaletsa. Maliro tiika mawa."

"Nanga likafika Lamulungu ndimuuza chiyani, malume?"

"Inu ndi ophunzira. Muona chochita."

Ndinavomera msangamsanga, moti munthu wochenjera akanadabwa. Panali chinthu china chomwe ndinkachidziwa ndekha, chomwe chinandichititsa kuulandira mwambowo ndi manja awiri. Chimenecho ndikuuzani nthawi yake ikakwana.

Lamulungu loyamba ndinati kumudzi netiweki yavuta. Lamulungu lotsatira ndinabwereza zomwezo. Charlotte anakankha mbale ya chakudya osakhudza, nayamba kuzungulirazungulira m'nyumba atagwira msana.

"Amayi sadumpha masabata awiri. Akudwala, eti?"

"Ali bwino. Mawa malume akwera pa chulu, uthenga ubwera."

M'mawa mwake, pa nthawi yopuma kuntchito, ndinatsegula Kalilole n'kumuwonjezera chinthu chomwe sanandipemphe. Ndinaikamo lumo, batani lobisika lodulira mawu ndi kuwalumikiza. Ndinali ndi mauthenga akale a apongozi anga oposa zana. Ndinadula moni wa mu Januwale, chifuwa cha mu Marichi, kuseka kwa pa Khirisimasi, n'kuzisoka pamodzi. Tanthauzo silinandikhudze, poti woti amve kunalibe. Chinkafunika chinali chithunzi chooneka chatsopano. Mawu a pa pepala ndinapeka ndekha.

Madzulo ake Charlotte anasanjika dzanja pa sipika, namwetulira, nadya chakudya chonse. Ine ndinakatsekula mpopi wa kubafa n'kulira.

Ndinapitiriza choncho sabata ndi sabata. Ndinalemba za nkhuku zomwe zaswa, za mbatata, za maukwati a anthu omwe sindikuwadziwa n'komwe. Akapempha chithunzi, malume ankatumiza zakale. Ndinayamba kuonda. Ndikaweruka sindinkalunjika kunyumba, ndinkayamba ndazungulira m'mapuloti osatha kumangawo ngati munthu wotaya kanthu, mpaka alonda anandizolowera.

"Dumela rra, mwabweranso?" mmodzi wa iwo, Mmalawi mnzathu, ankandilonjera choncho mu Chitswana akundiseka. "Kunyumba kwatentha?"

4

Mu Sepitembala Charlotte anachira bwinobwino, mwana wamkazi. Tsiku lomwelo malume anaimba.

"Tathokoza Mulungu. Tsopano muwauze, akamwini. Ife mbali yathu tatha."

"Ndimuuza akangotuluka m'chipatala."

Atatuluka ndinati ayambe wapeza mphamvu. Atapeza mphamvu ndinati mkaka ungaume. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo zengerezuyo ndinali ine, mphunzitsi wa pa koleji wovala tayi.

Mchombo wa mwana utagwa, Charlotte anandifunsa funso lomwe ndinkaliopa.

"Amayi anena dzina? Tinapangana kuti woyamba adzatchula ndi iwo."

Lamulungu limenelo ndinasoka uthenga wina, ndipo pa pepala ndinalemba m'maso muli gwa kuti: "Mdzukulu wangayo akhale Louisa." Dzinalo ndinalitola pa kalendala ya kuofesi. Charlotte analipsompsona pepalalo. Tinakalembetsa mwana, setifiketi n'kutuluka.

Kenako anayamba kukonzekera ulendo wa Disembala. Anafunsa za mabasi odzera ku Francistown ndi Lusaka. Anagula nsalu ya Chitswana ija amati leteisi, yabuluu, n'kuipinda bwinobwino mu sutikesi.

"Amayi akavala iyi pa Khirisimasi, azimayi a Mvano onse akachita nsanje," anatero. "Bambo a Louisa, bwanji simukuseka?"

Ndinati mutu ukundipweteka chifukwa cha dzuwa.

5

Linali Lachitatu la mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinaweruka msanga. Nditalowa ndinapeza Jean, namwino wa Chimalawi wa ku Tlokweng yemwe ndi mnzake wa Charlotte wa ponda apa nane mpondepo, atakhala pa sofa atanyamula khanda. Moni wanga anangouyankha ndi mutu. Charlotte anali pa tebulo, laputopu ili yotsegula, mawindo awiri aja atayandikana.

"Khalani apa," anatero. Mawu ake anali pa mlingo wabwino, pansi pa kamzere kobiriwira, monga ndinamuphunzitsira.

Ndinakhala.

"Ndimafuna kuphunzira kutchula dzina la mwana wanga mmene amayi analitchulira. Ndanena 'Louisa' mu Kalilole, ndaona maonekedwe ake. Ndawafunafuna mu uthenga wa dzina uja kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mulibemo."

"Mwina anatchula mothamanga..."

"Dikirani." Analoza windo lakumanzere. "Uwu ndi wa mu Marichi. Uwu ndi wa Lamulungu lapitali. Taonani chifuwa ichi, ndi ichi. N'chimodzi. Munthu satsokomola kawiri mofanana chonchi."

Anakulitsa chithunzicho, nasonyeza kampata kakang'ono pakati pa mawu awiri, pomwe ndinalumikiza zidutswa.

"Nanga mzere uwu? Kwathu ku Kasinje kulibe chete wotere. Kuli mphepo, kuli nkhuku, kuli wailesi ya malume. Ngakhale amayi apume, mzere umanjenjemerabe. Apa waongoka ngati mwaulemba ndi rula. M'mauthenga akale mulibe ngakhale umodzi. Kuyambira Julayi uli paliponse."

Jean anakweza mutu.

"Alamu, I'm sorry, koma ndamvera ndekha. M'menemu mulibe za Louisa, mulibe za mvula zomwe mwalemba apazi. Akunena zokolola chimanga, mawu ake oduka-duka. Mwachita chiyani, alamu?"

Charlotte anandigwira chibwano n'kunditembenuza kuti aone milomo yanga bwino.

"Amayi anga ali kuti?"

Ndinanena. Mawu awiri okha, kuti anamwalira, ndi mwezi wake.

Maikolofoni inali yoyatsa. Kulira komwe kunatuluka mwa mkazi wanga kunadzaza sikirini yonse ndi zofiira, kuposa makina a simenti aja, ndipo khanda nalo linayamba kulira.

6

Patapita nthawi anakhala chete, maso atatupa. Ine ndinali nditagwada pansi, ndikubwereza zomwezo, kuti ndi malume, ndi dokotala, ndi mwambo, ndinaopa kuti titaya mwana wachitatu.

"Mwambowo ndikuudziwa," anatero. "Azakhali anga anawabisira maliro a amuna awo mpaka atachira. Zikundipweteka, koma ndikuzimvetsa. Ndipatseni foni yanu. Ndikufuna uthenga wawo womaliza, weniweni."

Apa ndi pomwe ndinakulonjezani paja.

Ndinamupatsa foniyo. Anatsegula mauthenga a malume, nabwerera m'mbuyo mpaka Juni. Onse anali a Lamulungu, kupatula umodzi. Chala chake chinaima.

"Uwu wa Lachiwiri sindinauonepo. Mphindi ziwiri zathunthu." Anawerenga masiku pa zala. "Anali akadali moyo."

Sanandipatse ine. Anapatsa Jean, natenga mwana. Jean anaika foni kukhutu, ndipo ankamvera pang'ono, n'kuimitsa, n'kubwereza mawuwo atamuyang'ana Charlotte.

"Akuti, 'Akamwini, ndine. Ndili kuchipatala, andigoneka dzulo, mtimawu ukuvuta. Kunotu netiweki ilipo. Mundiimbire ija yoonana nkhope, ndimuone mwana wanga ndi pathupi pakepo. Ngakhale samva, angondiona, inenso ndimuone.'"

Uthenga umenewo ndinaumvera tsiku lomwe unafika, ndili pa geti la koleji. Malume anali asanandiuze kanthu. Ndinakumbukira mawu a dokotala, ndinaganiza za nkhope ya Charlotte akuona mayi ake ali pa bedi la chipatala, ndipo ndinauzimitsa usanafike n'pakati pomwe. Ndinati ndidikire sikelo ya Lachisanu, BP ikatsika tidzaimba Loweruka. Ndinagamula ndekha, osafunsa munthu. Lachinayi anamwalira. Kuchokera tsikulo sindinalimbe mtima kuutsegulanso.

"Sunathe," anatero Jean. "Akupitiriza. Akuti, 'Ngati sindidzuka pano, mwanayo akabadwa wamkazi akhale Esinati, dzina la amayi anga. Wamwamuna mutchule nokha. Akamwini, inu ndinu makutu a mwana wanga. Mumuuze zonse monga ndanenera, musachotsepo.'"

Kunja amisiri anali akugogodabe.

Charlotte anayang'ana khanda lomwe linali pa bere, kenako anandiyang'ana ine. Sanafuule.

"Malume anakuuzani kuti mubise maliro. Nanga kubisa mayi wamoyo, anakuuzani ndani?"



7

Anachoka ndi Jean dzuwa lisanalowe. Anatenga mwana, sutikesi ya leteisi ija, ndi laputopu. Asanatuluke anandiuza kuti ndiike uthenga wa Lachiwiri mu Kalilole, ndipo ndichotsemo lumo iye akuona. Ndinafufuta mizere makumi anayi ya pulogalamu yomwe ndinailemba pa nthawi yopuma kuntchito, iye ataima kumbuyo kwanga.

Mu Disembala anakwera basi ndi mwana kupita ku Ntcheu. Malume akuti nsalu ija anaiyala pa manda, nakhala pomwepo tsiku lonse. Akutinso kumudzi konse mwanayo akumutchula Esinati, ndipo dzina la pa setifiketi palibe amalitchula. Ankhoswe akumana kawiri. Charlotte sananene kuti ukwati watha, sananenenso kuti abwera liti. Anangowauza kuti munthu wosamva akanamizidwa ndi yemwe amamumverera, amasowa pogwira, ndipo iye akufuna nthawi.

Inu owerenga, ena mwa inu mudzati ndinapulumutsa mwana, ndipo mwina n'zoona. Ndadzitonthoza nawo mawu amenewo mpaka atha mphamvu. Koma pa Lachiwiri lija ndikanatha kufunsa dokotala, ndikanatha kuitana Jean kuti akhale pambali pake, ndikanatha kumuuza mkazi wanga kuti mayi akudwala, asankhe yekha. Ndinaona ngati poti samva, ndiye kuti sangathenso kupirira. Ngati pali wina amene amadalira inu kuti mumumverere, mumuwerengere kalata kapena mumumasulire zomwe dokotala wanena, muuzeni mmene zilili. Zowawazo ndi zake, ndipo inu simunapatsidwe mphamvu yomusankhira.

Sabata yatha foni yanga inalira ndili m'kalasi. Anali Charlotte, koyamba chichokereni. Sanalembe liwu ngakhale limodzi, sanatumizenso mawu oti ndimvere. Anangojambula sikirini ya Kalilole, pomwe panali timapiri ting'onoting'ono tothinana, mitundu yake ili pamwamba pomwe pamakhala mawu oonda. Ndinadziwa kuti ndi mwana wanga.

Chithunzicho ndachiyang'ana masiku asanu ndi limodzi tsopano. Pulogalamuyo ndinaipanga ndine, koma kuiwerenga sindinaphunzire. Sindikudziwa ngati Esinati akuseka kapena akulira pamenepo. Ndamufunsa mayi ake, ndipo ndikudikira kuti andiuze.